Ndamuona Tiwonge pa Kanema

Mwana wanga Yotamu,

Moni wochokera ku Kande. Tonse tili bwino, koma ine mawu asasa, ndipo wolakwa ndi mwana wako Tiwonge.

Wayilesi ya kanema ija aigula anthu ena, ndipo ayamba kuonetsa basiketibolo ulere. Loweruka tinadzazana m'golosale ya a Longwe. Ndiye Tiwonge uyo, kutalika ngati mlongoti! Chipitireni ku Lilongwe ndinali ndisanamuone.

Atagoletsa ndinaimba nthungululu. A Longwe amvekere, "Ama, sungani pakhosi, zigoli zake sizitha ngati zampira wamiyendo." Ine osamva, chigoli chilichonse nthungululu basi.

Eni atsopanowo Mulungu awadalitse, asasinthe maganizo. Umuuze Tiwonge kuti Loweruka likubwerali adzayang'ane kamera kamodzi kokha. Ndidzakhala kutsogolo.

Ndine mayi ako,
NyaChirwa