Makapisozi Amene Munatumizira Ababa

Nathenje
14 Juni, 2024

Okondedwa achimwene Farouk,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kwazizira koopsa, koma golosale ikuyenda ndipo tonse tilipo.

Botolo la makapisozi a ma amino asidi munatumiza lija linafika, zikomo kwambiri. Mukudziwa mmene Ababa anaondera atachitidwa opaleshoni ya impso, miyendo ngati bango, kumzikiti osafikako. Nditamva kuti makapisoziwo amathandiza kumanga thupi, ndinati basi tapulumuka.

Tsopano ndiulule, musandikalipire. Ababa atagwira kapisozi anafunsa kuti, "Najma, kachikopa aka n'kachiyani? N'kahalali, kololedwa m'Chisilamu?" Ine ndinali nditawerenga kale pabotolo, m'tizilembo ting'onoting'ono, kuti kachikopako n'kopangidwa kuchokera ku nkhumba. Ndinayang'ana mmene anaondera, ndipo ndinati, "N'kahalali, imwani." Anamwa masiku anayi, achimwene, ndi dzanja langali.

Mukuwakumbukira a Agnes, alangizi a zaumoyo a ku Mitundu aja amagula sopo kwathu? Anabwera kudzazonda Ababa. Mayi amene uja salola botolo kumudutsa osaliwerenga! Analitembenuza, kenako anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Iwe mtsikana, bambo ako akudziwa?"

Ndinavomera kuti sakudziwa. Ndinayesa kudziteteza kuti moyo ndiye woyamba. Iwo anati, "Ine nkhumba ndimadya, kwathu tikuweta zitatu. Koma thupi ndi lawo, chipembedzonso ndi chawo, asankhe okha. Komanso munthu wa vuto la impso samwa zimenezi mwachisawawa, zimalemetsa impso. Adokotala anaziona?" Sanazione. Manyazi anandigwira mpaka kuphazi.

Mawa lake, tsiku lawo lopuma, a Agnes anatenga botolo ndi buku la kuchipatala la Ababa n'kupita kwa adokotala m'tauni. Ine ndikanangodandaula pakhonde, koma iwo anazungulira masitolo atatu a mankhwala mpaka anapeza ma amino asidi a ufa, opanda chilichonse cha nyama. Adokotala anachepetsa mlingo, kasupuni kamodzi m'madzi, ndipo akuti magazi azikayezedwa mwezi uliwonse. A Agnes anawonjezera kuti ufawo si chakudya, mazira, soya ndi usipa zisasowe koma potsata mlingo wa adokotala. Anafika kuno fumbi lili mbuu m'miyendo, tiyi anakana. Mtima wotere sindinauonepo.

Sanandinenere kwa Ababa, anangoti, "Pakamwa ndi pako." Ndinagwada pamaso pa Ababa n'kunena zonse. Ababa sanakalipe, bola akanandikalipira. Anatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Wosunga Chisilamu changa wachita kuchokera kutchalitchi, mwana wanga ali pompano." Kuyambira pamenepo anasiya kundilankhula, ndipo ufawo ankawasungunulira ndi Amayi. Zinandiwawa, ndinalira sabata yonse.

Musatumizenso makapisozi, ndipo musadziimbe mlandu, wolakwa ndine. Ababa tsopano akuyenda ndi ndodo mpaka pamsewu. Mukadzabwera, mudzapite ku Mitundu kukathokoza a Agnes pamaso.

Amayi akupereka moni, azakhali a Umi ndi ana awonso. Ababa nawonso akuti moni. Sanatume Amayi ayi. Lero m'mawa andiitana ndi dzina langa, patatha masiku khumi ndi awiri, n'kunena kuti, "Najma, lembera m'bale wako, umuuze kuti ndili bwino. Ukamaliza undisungunulire ufa uja."

Ndilekeze pano, akundidikira.

Ndine mlongo wanu,
Najma