Udzu wanga waphukira

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Dzuwa linaswa mtengo, koma mtima wanga uli myaa.

Udzu waphukira! Uja wa m'thengo ndinabzala kuseri kwa loji kuno ku Nakatindi, pamene kapinga anapserera. Manijala anati pakapanda kubiriwira mwezi uno athirapo miyala, ndipo wosamalira maluwa sadzafunikanso. Wosamalira maluwayo ndine.

Ulendo woyamba ndinapusa. Ntchito ya pa loji inandizoloweza kutsuka chilichonse, ndiye ndinatsuka mizu mpaka mbee, kuchotsa dothi ndi timaulusi toyera tomwe ndinkayesa matenda. Wonse unauma.

Ba Mutinta, operekeza alendo m'thengo, anandiseka mpaka misozi. "Imwe ba Mundia, mwapitikisa bakazi, mwasiya bamuna beka! Tuja tumaulusi ni bowa. Tumatapila mauzu manzi na vakudya pansi, mauzu yatupasa shuga."

Ndinakakumba wina ndi dothi lake lomwe, osakutumula n'komwe. M'minibasi kondakitala anadandaula kuti ndidetsa mipando, ine n'kufungata thumba langa ngati khanda.

Lero ndinagwada n'kufukula pambali ndi chala. Timaulusi tija tilipo, tayanga m'mizu yatsopano, ndipo pamwamba pali biriwiri. Manijala anaima, anayang'anitsitsa, n'kungoti, "Na kusogolo mushange." Ndiye kuti ndikabzalenso udzuwu kumaso kwa loji. Za miyala sanatchule.

Zaka zonsezi ndinkayesa ndimagwira ndekha m'munda muja. Kani tilipo ambiri, ndipo anzangawo amene anawachotsa ntchito ndine, ndi madzi a pampopi.