Mwezi Uno Mchere Ndathira Ndekha

Amayi,

Kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Dambe chisanu chabwera msanga, moti m'mawa udzu ukumayera mbee ngati wina wawazapo ufa. Ife tilipo. Chimanga tatsala pang'ono kumaliza kututa, koma kachewere wa m'munda wa kumtunda anawola ndi mvula. Achemwali Rute abereka wachinayi, wamwamuna, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Mbuzi yanu yamawanga ija nayo yaswa awiri. Pakhomo pano chilichonse chikubala, Amayi, ndi mbuzi zomwe.

Ndili ndi mantha, ndipo ndilibe wina womuuza.

Mukudziwa kuti ine ndi amuna anga a Phiri takwanitsa zaka zisanu m'nyumba muli zii. Mukukumbukanso mimba ija inapita padera, tsiku lija munandisambitsa nokha osauza munthu. Chimwalirireni inu palibe chachitikanso. Nthawi yodzala kunabwera amalume awo a a Phiri kuchokera ku Chifunga. Anakhala pakhonde, nakana ngakhale madzi akumwa. Anati mphwawo walima pachikamwini pano zaka zokwana, ndipo chimanga cha chaka chino chikalowa m'nkhokwe popanda chooneka, adzamutenga akakwatire kwina. A Phiri anangoti zyoli. Amandikonda, Amayi, koma mukudziwa kuti pamaso pa amalume awo alibe pakamwa.

Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi mchere. Inu muli moyo, ndikakhala kumwezi munkangolowa m'khitchini mwanga mwakachetechete, n'kuthira mchere m'ndiwo kuti ndisadule mwamuna, n'kutuluka ngati mwabwera kudzapala moto. Tsopano amathira ndi mng'ono wanu, mayi aang'ono Estere. Koma inu, munthu ameneyu! Amadutsa pakati pa mudzi mchere uli m'manja, akupereka moni khomo ndi khomo, ndiye dzuwa likamapendeka kuchitsime konse adziwa kale kuti Elina mwezi unonso walephera.

Mvula itangoyamba ndinanama kuti ndikudwala mutu, n'kupita kuchipatala cha mishoni. Kuli namwino wina wachikulire, wodekha, amene ndinamuuza zonse. Anandifunsa masiku amene ine ndi a Phiri timakhalira limodzi pofuna mwana, ndipo ndinayankha monga anatilangira anamkungwi, kuti ndi pamene wangomaliza kusamba. Anapukusa mutu. Anati kwa akazi ambiri nthawi yake imakhala pakatikati pa mwezi, ndipo thupi limanena lokha: chikazi chimayamba kunanda ngati therere, kenako pakapita masiku ochepa thupi limafunda pang'ono kwambiri, koti dzanja silingamve. Anandibwereka kagalasi koyezera kutentha, kaja amaika odwala m'kamwa, ndi pepala la mizeremizere. Anati m'mawa uliwonse ndisanadzuke pamphasa ndizikaika pansi pa lilime, kenako ndiziika kadontho papepala pamene pali nambala yake.

Apa ndi pamene ndinapusa. Inu munandilera kuti mkazi dzuwa lisamupeze pamphasa. Ine ndimadzuka tambala wachiwiri, m'nyumba muli bii, ndiye ndinkaganiza kuti manambala ang'onoang'ono aja ndiwaona bwanji mumdima? Ndinkayamba ndasesa, kukoleza moto, kutereka madzi osamba a Phiri, kenako n'kukhala pamoto kagalasi kali m'kamwa. Pochotsa ndinkakayandikitsa kumalawi kuti ndione bwino, eti. Miyezi inayi yathunthu! Madontho ankangodumphadumpha ngati chiwala, ena mpaka kutuluka pamwamba pa pepala, ine n'kumalira kuti thupi langa ndi lowonongeka, ngakhale kagalasi kakulephera kulimva.

Nditabwerera nalo pepala, namwino anadzidzimuka. Anandigwira pachipumi poganiza kuti ndi malungo. Kenako anandifunsa zimene ndimachita ndikadzuka, ine n'kufotokoza monyadira, kuyambira tsache mpaka malawi. Anagwira kumutu.

"Mwana wanga, miyezi yonseyi mwakhala mukuyeza moto wa m'khitchini mwanu," anatero.

Sindinkadziwa kuti kaulusi kowala ka m'kati kaja kakakwera kamaima pomwepo mpaka utakakutumula, moti ndikanatha kuyeza mumdima n'kudzawerenga kutacha. Munkanena inu kuti safunsa anadya phula. Ndadya ine, Amayi, pamodzi ndi miyezi inayi mwa miyezi imene amalume anatipatsa. Njira yonse yobwerera ndinalira, chimanga m'minda chitayamba kale kufiira ndevu.

Tsiku lomwelo ndinawauza a Phiri. Ndinkaopa kuti anena kuti ndi mankhwala, koma anakatenga kagalasi, kukatembenuza, n'kunena kuti iwo aziwerenga manambala chifukwa maso awo ndi akuthwa. Kuyambira pamenepo ndimayeza ndili chigonere, n'kukaika pachikopa cha Baibulo, kukacha iwo amaima pakhomo n'kuika kadontho ndi pensulo. Mwezi woyamba tinaona ndi maso athu: madontho anayenda m'munsi masiku ambiri, therere lija linabwera, kenako madontho anakwera n'kuyenda m'mwamba. Atatsika, m'mawa mwake ndinaitana mayi aang'ono kudzathira mchere. Ndinakhumudwa, komabe kwa nthawi yoyamba ndinadziwa kuti thupi langa lili ndi njira yake. Mwezi wachiwiri sitinadikire madontho, tinatsata chizindikiro choyamba chija, chifukwa namwino anati akakwera ndiye kuti nthawi yadutsa kale.

Amayi, madontho anakwera, ndipo sanatsike. Lero ndi tsiku la makumi awiri ndi limodzi ali m'mwamba. Namwino anati akapitirira masabata awiri ndi theka osatsika, kawirikawiri imakhala mimba. Ine m'malo mosangalala, ndagwidwa ndi mantha. M'mawa uliwonse ndimagona kagalasi kali m'kamwa, kuopa kuti a Phiri akaima pakhomo paja atembenuka nkhope itagwa. Ndimadzifunsa ngati si malungo akubisala, chonsecho mutu sukuwawa, kuzizidwa ayi. Ndikanyamula mtsuko ndimayenda ngati ndasenza mazira. Ndikamva kupota pang'ono ndimathamangira kuseri kukayang'ana. Walira mvula walira matope, munkatero. Ndinalira mvula, tsopano ndikuopa kuti ichitanso ngati yoyamba ija, inu kulibe wondisambitsa.

Ndiye pali za amalume. Atumiza mawu kuti abwera Lamulungu likubwerali. Inu munandiphunzitsa kuti mimba yaing'ono satchula, anthu a maso oipa angaimange. Ndikakhala chete, a Phiri apita ku Chifunga. Ndikalankhula, mudzi wonse udziwa. Masiku atatu ndakhala ndikusinkhasinkha, chakudya osalowa.

Dzulo masana ndikuphika nyemba, ndinangoona chithunzi pakhomo la khitchini. Anali mayi aang'ono. Anandipeza mchere uli m'dzanja langa, pamwamba pa mphika. Paja iwo masiku anga amawawerenga kuposa ine mwini.

"Iwe Elina, mwezi uno sunandiitane bwanji?"

Ndinadziwa kuti basi, pofika madzulo nkhani ikhala ili kuchitsime. Anandiyang'ana kumaso, kenako pachifuwa, nthawi yaitali. Analowa, nakankha chitseko ndi phazi, n'kukhala pansi pafupi nane. Ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Tseka pakamwa pako, nanenso nditseka panga," anatero motsitsa mawu. "Amalumewo ndikawanong'oneza ndekha kuseri kwa nkhokwe, iwo okha basi. Mtsuko usanyamulenso. Ndipo mawa ndibwera ndi mchere monga mwa masiku onse."

Ndinafunsa kuti mchere wa chiyaninso, poti ndikuthira ndekha. Anandidzudzula kuti ndine wogona ngati bambo anga.

Lero m'mawa abweradi, Amayi. Adutsa pakati pa mudzi mchere uli m'manja, kupereka moni khomo ndi khomo, kudandaula mokweza kuti mwana wa akulu awo mwezi unonso zakanika. Ndinawamva amayi a kuchitsime akuti pepani. Atalowa m'khitchini anandipatsa mcherewo m'dzanja kuti ndithire ndekha, iwo n'kutenga mtsuko wanga kupita nawo kumadzi. Zaka ziwiri ndakhala ndikudana nako kuyenda kwawo kumeneku, lero ndinakuyang'anira pa mng'alu wa chitseko ndikulira.

Mantha sanathe. Mawa kukacha ndidzagonanso ndi kagalasi m'kamwa, kudikira nkhope ya a Phiri. Ngati kumeneko mumaloledwa kupempherera a kuno, pemphani kuti kadontho kamawa kakhale m'mwamba, ndi kamkuja, mpaka mvula idzagwe.

Manda anu ndinalambula sabata yatha, maluwa aja anagwira. Ndikulonjeza kuti mwanayu akakhala, ndidzabwera naye kumanda kwanuko ali kumsana mudzamuone, ndipo akakhala wamkazi dzina lake ndi lanu. Kufikira tsiku limenelo, nanunso musauze munthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elina