Seva ya Ziboliboli za Abambo

Mua,
Mtakataka.
18 Ogasiti, 2024.

Okondedwa achimwene a Cosmas,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Kepi, pamodzi ndi alamu anga ndi kamwana kaja ndimangokaona pa zithunzi. Ngati mukudzuka bwino, Mulungu alemekezeke. Ife kuno tilipo, ngakhale mwera wa chaka chino wabwera ndi chifuwa, ndipo fumbi la mumsewu wa ku Mishoni likulowa mpaka m'mitsuko. Mango achita maluwa ambiri kuposa chaka chatha.

Mudabwa kuti ndalemba pa pepala pomwe tonse tili ndi mafoni. Ndaona kuti nkhani zina sizifunika kuwerenga munthu akuyenda. Kalatayi ndiwapatsira a Sefu, aja amayendetsa thiraki ya ku Joni, ndipo alonjeza kuti akaipereka kwa mnzawo wopita ku Kepi. Muiwerenge mutakhala pansi. Miyezi itatu tsopano mwakhala mukundifunsa za seva yanu, ndipo lero ndikuyankhani zonse.

Mukukumbuka chaka chomwe munkanyamuka, mu 2018, mudabwereka seva ku kampani ina ya kunja. Mudatiuza kuti ndi kompyuta yomwe sitidzaiona ndi maso, koma izisunga tsamba la pa intaneti pomwe azungu aziona ziboliboli za abambo n'kumagula. Sabata yathunthu mudakhala nawo kuseri kwa nyumba mukuwajambula mawu, iwo akulongosola chiboliboli chilichonse, mtengo womwe adasema, ndi chifukwa chomwe mayi wosenza mtsuko uja adamupendeketsa khosi. Ankavala jekete la ku tchalitchi ngakhale munkajambula mawu okha. Ine nditayandikira kuti ndione, mudati, "Bene, izi si za iwe, kaone ndiwo pamoto." Polembetsa mudaika nambala ya foni ya abambo, poti ya kumeneko mudali musanakhale nayo. Dzina la tsambalo simudatiuze, nafenso sitidafunse.

Kuchokera nthawi imeneyo mauthenga a kampaniyo akhala akulowa pa foni ya abambo, achizungu okhaokha, aulemu ngati a mnyamata wofunsira mbeta. Akuti taonjezera liwiro, akuti takonza chakuti, akuti pepani Lachiwiri tizimitsa kwa mphindi khumi. Ine ndinkangofufuta. Abambo atagwa ndi sitiroko mu 2021, dzanja lamanja litauma ndiponso pakamwa patatsekeka, foni ija idakhala m'manja mwanga pamodzi ndi beseni lowasambitsira ndi supuni yowadyetsera. Inu mbali yanu idali kuimba kuti titumize ziboliboli zotsala, ndipo tinkatumiza.

Mu Meyi chaka chino udalowa uthenga wautali. Ndidauwerenga chifukwa ndidali pamzere wolandira mankhwala a abambo ndipo ndidalibe china chochita. Adati maseva akale onse atsekedwa pa 31 Julaye, choncho aliyense asamutsire zinthu zake ku atsopano pongodina batani limodzi. Kenaka adayamba kudzitama ndi zatsopano. Mwini seva tsopano angathe kulowa popanda pasiwedi, iwo angotumiza manambala ku foni yomwe idalembetsedwa. Angathenso kulowetsa kapena kuchotsa anthu ena. Ndipo aika kaundula woonetsa amene adasintha kanthu ndi tsiku lomwe adasinthira, kubwerera m'mbuyo zaka zitatu.

Ndidakwera kabaza kupita ku Mtakataka kwa Angella, uja ndinkaphunzira naye, yemwe pano ali ndi shopu ya fotokope pafupi ndi siteji ya minibasi. Adawerenga uthengawo kawiri.

"Nambala yolembetsa ndi ya ndani?" adandifunsa.

"Ya abambo."

"Foniyo ili kuti?"

"Ndi iyi wagwirayi."

"Ndiye mwini seva ndiwe, mnzanga. Achimwene ako ndi mlendo chabe."

Manambala adabwera, tidalowa, ndipo tsamba lanu lidatseguka pa kompyuta ya Angella. Ndi lokongola, achimwene, ndikuyamikeni. Pamwamba pali chithunzi cha abambo atagwira kasemasema, koma mudachichotsa mtundu kuti chioneke chakalekale. Pansi pake mudalemba kuti malemu Ignasio, 1951 mpaka 2022. Mudalembanso kuti izi ndi ntchito zomaliza za mmisiri amene sadzasemanso, wofuna afulumire poti zikatha zatha. Ndidawerenga ndili chiimire. M'mawa womwewo ndidali nditawasambitsa malemuwo n'kuwamwetsa phala.

Angella adati titseke. Ine ndidati atsitse tione kumunsi. Kumunsiko kudali chithunzi cha manda atsopano, dothi lofiira, nkhata zitatu za maluwa. Mudadula mtanda kuti dzina lisaoneke, mudachikulitsanso kuti mtumbira wa mwana wa zaka zitatu uoneke ngati wa munthu wamkulu. Koma nkhata yapakati, ya riboni yachikasu, simudaidule. Imeneyo adaika anzanga a kwaya. Ndi manda a Mayamiko wanga. Chithunzicho ndidakutumizirani ndine, mutanena kuti simungathe kubwera kudzaika mwana wa mlongo wanu. Kaundula watsopano uja adandionetsa kuti mudachiika pa tsamba pa 20 Okutobala 2022, patangopita masiku anayi ndikutumizireni.

Sindidalire. Ndidafunsa Angella pomwe amachotsera munthu. Adandilozera dzina lanu, pambali pake pali kabatani kofiira. Kampani idandifunsa ngati ndatsimikiza, ndipo nditadina idandithokoza.

Zomwe zidatsatira mukuzidziwa. Mwezi wonse wa Juni munkaimba m'mawa ndi masana.

"Bene, foni ya abambo yalandira manambala?"

"Netiweki yavuta, achimwene. Mukudziwa kuno ndi kunsi kwa phiri."

"Takwera pachulu uone, ndikulephera kulowa."

"Ndikwera mawa."

Manambalawo ankalowa nthawi iliyonse mukayesa, foni ikunjenjemera m'thumba la diresi yanga. Pa mafoni onsewo mudafunsa za abambo kamodzi, mukufuna kudula. Mudati, "Mdala ali bho?" Ndidati ali monga mudawalembera. Simudamve, mudali mutadula kale.

Tsopano ndikuuzeni chabwino, poti nachonso chilipo. Zatsopano za kampaniyo zidandilola kutsegula mawu aja pa foni. Lamulungu lina titachoka ku Misa ndidawaikira abambo pafupi ndi khutu. Mawu awo adadzaza m'chipinda, athanzi, akuseka, akunena kuti mlombwa sufuna munthu wopupuluma. Amayi adathamanga kuchokera kukhitchini chipande chili m'manja, akuganiza kuti alankhula. Abambo adaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, dzanja lamanzere likuyenda pabulangete ngati akusema. Amayi adakhala pakhomo n'kunena kuti, "Tabwerezanso." Kwa masabata awiri tinkamvera nkhani imodzi tsiku lililonse. Pa zaka zitatu zapitazi sitidakhalepo ndi masiku abwino ngati amenewo, ndipo adachokera m'manja mwanu. Zimenezo sindingabise.

Pa 3 Julaye amayi adapita kudimba, ndidatsala nawo ndekha. Nditawaikira mawu, adaloza foni, kenaka adaloza chithunzi chanu chapakhoma chija, maso akuwala. Adalimbana ndi lilime mpaka thukuta, ndipo padatuluka kamawu. "Ko... Ko..." Achimwene, zaka zitatu ndikuwatembenuza pamphasa, kuwapukuta, kuwachotsa zilonda za kumsana, mwana wanga ndidamuika ndikuchokera kowadyetsa. Mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo adali theka la dzina lanu.

Palibe adandikakamiza. Ndidatsegula tsamba lija n'kuwayandikizira kumaso. Ndidawawerengera pang'onopang'ono, ndikumasulira m'Chichewa kuti pasatsale liwu.

"Akuti mudamwalira, abambo. Chaka cha 2022. Awa akuti ndi manda anu. Walemba ndi Cosmas wanuyo."

Adayang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti riboni ija adaizindikira, poti tsiku loika Mayamiko tidawanyamula panjinga mpaka kumanda. Kenaka adagwira dzanja langa ndi lawo lamanzere, adapinda zala zanga kuti zitseke foni, n'kulikankha. Adatembenukira kukhoma. Phala la madzulo adakana, la m'mawa adakananso. Amayi adandipempha kuti ndiwaikire mawu mwina angadye, koma atangomva adayamba kumenya mphasa mpaka ndidazimitsa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi tidapita nawo kuchipatala cha ku Mishoni, komwe adawasamalira bwino kwambiri.

Abambo adatisiya Lachisanu pa 12 Julaye, nthawi ya masana. Adokotala adati ndi sitiroko yachiwiri, ndipo imatha kubwera nthawi ina iliyonse popanda chochititsa. Ine ndimawakhulupirira adokotala.

Tidawaika pa 14. Misa idadzaza mpaka panja. Osema anzawo ndiwo adanyamula bokosi, ndipo adawasemera mtanda wa mlombwa wosalala ngati galasi. Inu sindidakuimbireni. Ndidaona kuti munthu saika bambo ake kawiri, ndipo inu mudali mutatsogola kale ndi zaka ziwiri. Amayi ndi amalume a Benson atandifunsa, ndidawauza kuti ndakuimbirani, mwati ntchito yakuthinani, tingoika.

"Wati tingoika?" amayi adafunsa.

"Eya, amayi."

"Ndi pakamwa pake?"

"Ndi pakamwa pawo."

 Amayi adadzuka pakati pa azimayi a pasiwa, adalowa m'nyumba, adachotsa chithunzi chanu pakhoma n'kuchiika chafufumimba pansi pa sutikesi. Ngati mwakhala mukudabwa kuti amalume sakuyankhanso mafoni anu, chifukwa chake ndi chimenecho. Mawa lake mudaimba kufunsa manambala. Ndidayankha ndili pamphasa ya maliro, mutu wometa, ndipo ndidati netiweki yavuta.

Ndibwerere ku seva yanu, poti ndiyo mukufuna kumva. Kampani idandikumbutsa katatu kuti tsiku layandikira. Uthenga womaliza udati atsala maola makumi awiri ndi anayi, ndipo iwo ndi okondwa kuyenda nafe ulendo watsopano. Angella adatseka shopu masana n'kubwera mpaka kunyumba, fulashi yokoperamo zinthu ili m'manja.

"Bene, kopera mawu okhawo. Tsambalo life, koma mawu a mdala alakwa chiyani?"

"Ndikopera mawa."

"Mawa kulibe. Ukulanga ndani kodi, iwe?"

Ndidamuphikira tiyi, adamwa theka, adapita osatsanzika. Batani losamutsira sindidadine. Pa 1 Ogasiti nditatsegula, padangotuluka tsamba loyera lonena kuti malo mukufunawo kulibe. Madzulo a tsiku lomwelo amayi adandiitana kuchipinda. Adali atakhala pabedi, zida zosemera za abambo zili pamiyendo. Adati, "Tandiikira abambo ako alankhule." Ndidawauza kuti achimwene azimitsa ku Kepi. Adagwedeza mutu ngati munthu amene amayembekezera zomwezo.

Koma anthu a kampani yanu ndi achifundo. Pa 2 Ogasiti adatumiza uthenga wina wa zatsopano. Akuti podziwa kuti ena adachedwa, asunga kope la seva iliyonse yotsekedwa kwa masiku makumi atatu, mpaka pa 30 Ogasiti, ndipo mwini wake angathe kubwezeretsa zonse podina kamodzi. Likadutsa tsikulo afufuta, ndipo ngakhale iwo eni sangazipezenso. Batanilo ndi lobiriwira. Ndimaliona m'mawa uliwonse ndikadzuka, nthawi yomwe kale ndinkatenthetsa madzi a abambo. Ndimaliyang'ana, kenaka ndimaika foni pansi n'kukasesa. A Sefu anyamuka pa 29, ndipo msewu wa ku Kepi ndi wautali.

Sindikupempha kuti mundikhululukire, ndipo inunso musavutike kupempha. Pempho langa ndi laling'ono. Mukaganiza zobwera, mudzafikire kwa amalume, osati kunyumba, mudzayambe mwawalongosolera nokha za tsamba lija. Mukadzanena kuti sindidakuimbireni, sindidzakana. Ndidzangowauza chifukwa chake, amayi ali pomwepo, ndipo mudzasankhe nokha chomwe mukufuna kuti amayi adziwe pa ziwirizi, zoti mudati tingoika kapena za tsamba lanu. Manda enieni a abambo ali kumanja kwa manda a Mayamiko. Mtanda wake uli ndi dzina ndi chaka choona.

Mundiperekere moni kwa alamu anga. Mwana akadzakula n'kufunsa za agogo ake, mudzamuuze chaka chomwe chidzakukomereni. Angella sitikuyankhulana, choncho moni wake ndilibe. Anzanu osema amafunsa ngati mukadali moyo, ndipo ndimawauza kuti muli bwino. Amayi akutsokomola pang'ono koma akudya. Ndawauza kuti ndikulembera kalata mwana wawo wa ku Kepi, ndipo ndawafunsa kawiri ngati ali ndi mawu oti ndiikemo. Ulendo woyamba adangopitiriza kusankha nyemba. Wachiwiri adasiya kusankha nyemba, adandiyang'ana, n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga uti?"

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Benedicta