Timapepala ta pakhosi pa gitala

Lolemba, 5 Ogasiti

Monalisa, lemba momwe ndikunenera, usakometse. Dzanja ndi lako, mwana wanga, koma buku ndi langa.

Loweruka tikuvundukula chiliza cha bambo ako, a Dingani. Ndidzaimba nyimbo ija ankaimba popala matabwa, mlongo wako Petros akuliza gitala. Amayi onse a chigwirizano cha kutchalitchi kuno ku Kabwata ndawauza kale. Alamu anga a Nicodemus a ku Kabulonga akuti mawu anga anatha, iwo abweretsa sipika. Sipika inakhalapo pa ukwati ndi mchimwene wawo?

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Petros akaweruka kuntchito saliza nyimbo. Zala zimangokwera khosi la gitala, kutsika, kukweranso. Ndamufunsa. Akuti, “Amama, awa ni mamodi. Manoti ni amodzimodzi, koma mukayambila pena, nyimbo imveka mwina.” Ngati ali amodzimodzi, asintha bwanji? Akuti nyimbo ya bambo ake imakana kiyibodi ya kutchalitchi chifukwa imakhala mu modi ya Mikisolidiyani. Ine ndimadziwa kuti inachokera ku Katete.

Nanga khosi lonselo n'lachiyani? Akuti chifukwa ine sindiyambira malo amodzi, dzulo pamwamba, lero pansi, ndiye ayenera kuidziwa paliponse. Ine ndimayambira pomwe mawu adzukira tsikulo. Ndi mlandu?

Koma zala zake n'zokongola. Lemba zimenezo.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Kukwera, kutsika. Aneba afunsa pampanda ngati gitala likudwala.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Abale a ku Katete adzaza nyumba. Masana ndasita yunifolomu ya chigwirizano, ndapolisha nsapato, kenako ndaona gitala pakona. Khosi lonse timapepala tomata, tofiira, tobiriwira, tina takuda ndi thukuta. Chinthu chokaonekera pamaso pa akuchimuna chipite chonchi? Ndatipala ndi chikhadabo, ndapukuta ndi kansalu mpaka lawala.

Petros pobwera kokatenga matenti wakhala pansi, pasimenti penipeni. “Amama, mapu anga!” Akuti mtundu uliwonse umamuuza poponda chala, ndipo anavutika nato kuyambira nthawi ya mvula. Ndati ndikagule ena ku City Market. Akuti pepala si vuto, vuto n'kudziwa pomata, ndipo mipando sanatengebe. Ndiye ankaliza ndani, iye kapena timapepala? Sindikumvetsa.

A Nicodemus amva. Akuti, “Musadandaule mulamu, batire ya sipika ni yodzaza.”

Usaseke, Monalisa. Lemba kuti linali lakuda ndithu.

Loweruka, 10 Ogasiti

Unalipo, koma lemba, pakuti sunaone zomwe ndinaona ine.

Atachotsa nsalu pachiliza ndinazindikira chilembo choyamba cha dzina la bambo ako, chokhacho chomwe anandiphunzitsa. Mawu anatuluka okha, pansi kwambiri, pomwe sindinayambirepo chibadwire. Petros anagwira kumutu kwa gitala. Sipamenepo. Anasuntha. Sipamenepo. Amayi a chigwirizano anayang'ana nsapato zawo. A Nicodemus anawerama kufuna batani la sipika.

Ndinafuna kuleka, koma m'nyimbo ija mulibe polekera. Pamenepo Petros anasiya kuyang'ana khosi loyera lija, n'kuyang'ana pakamwa panga. Dzanja linayenda lokha pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza machesi magetsi atazima. Linandipeza pakati. Tinamaliza limodzi. A Nicodemus anawongoka, chipewa chili pachifuwa, ndipo ndime yomaliza anaimba nafe. Amaidziwa, kani.

M'basi ndafunsa Petros kuti inali modi iti. Akuti sakudziwa. Sabata yonse amadziwa koma osaliza, lero waliza koma sakudziwa. Ine mutu wanga sugwira zimenezi.

Tseka buku. Ukumumva Petros pakhondepo? Akuti, “Amama, bwelani. Yambilani paliponse.”