Nyimbo ya Maliro pa Gitala

Lachinayi, ku Nsadzo. Tsiku lotentha, lonunkha utsi.

Amalume anandiletsa kalekale. Nditaika nyimbo ya maliro ya kwathu pa gitala, n'kuithamangitsa ngati rumba ya pa wailesi, anati, "Iwe Zuze, imeneyo savinira. Ukuitana maliro." Ine ndinawaseka.

Masana ano kwafika asilikali, akuti tikudyetsa adani awo kutchire. Atentha nkhokwe zathu. Mkulu wawo ataona gitala yanga wanditchula monyoza, wati, "Pulofesolo, tiimbire ija amavinira anyamata." Ndaimba rumba ya maliro ija, mfuti ili pakhosi panga. Amalume angonena mawu amodzi, "Leka." Pomwepo asilikali awagwetsa pansi, n'kumawamenya ndi mfuti motsatira kugunda kwa nyimbo yanga, uku akuseka, agalu amenewo! Ine sindinaphonye nsambo ngakhale imodzi.

Amalume atsirizika dzuwa likupendeka.

Madzulo amayi ayambitsa nyimbo yomweyo m'nyumba ya siwa, pang'onopang'ono, mmene iyenera kuimbidwira. Ndinakhala panja ndi amuna anzanga, nditazolika. Kenako ndaona phazi langa likugunda pansi mofulumira, likutsatira rumba ija. Ndaliponda ndi linzake mpaka chikhadabo chazuka, koma ilo osaleka, ndipo mawa kumanda sindikudziwa ngati...