Nduna ya Zachuma Ikukana Kukwezedwa

Lolemba, 9 Juni

Amuna anga awaitana ku ofesi lero. Bwana wawo akufuna kuwakweza akhale kapitawo wa opaka penti onse. Basi atsike pamakwerero, azingoyenda pansi n'kumaloza ndi chala. Awapatsa mpaka Lolemba likubwerali kuti ayankhe.

Ine mtima unangoti phee, chifukwa bondo lawo lija lafika poti m'mawa amayamba alinyengerera kaye lisanavomere kuponda pansi. Adokotala ananena kalekale kuti makwerero awasiye.

Koma eni ake akuti akakana. Chifukwa chake? Msonkho.

Kuntchito kwawo amawatcha Nduna ya Zachuma, ndipo dzinalo amalinyadira kuposa limene anawapatsa mayi awo. Chiphunzitso cha aNduna n'chakuti malipiro ali ndi mzere. Ukangoudumpha mzerewo, kaya ndi ovataimu kaya kukwezedwa, amsonkho amadula ndalama zako zonse ndi mpeni waukulu, moti umafika kunyumba ndi zochepa kuposa mnzako amene anangogona. Umboni ali nawo. Mwezi woyamba atangolowa pakampani imeneyi anagwira Loweruka lililonse, malipiro n'kubwera atametedwa mpala. Kuyambira pamenepo akhala akulalikira, ndipo gulu lonse linatembenuka mtima. Bwana akangotchula za Loweruka, onse amayamba kutsuka mabulashi.

Ndati, "Ndiye mukufuna kutaya bomwetamweta chifukwa cha mwezi umodzi?"

Akuti, "Inu sokani makatani, zachuma mutisiyire."

Lachiwiri, 10 Juni

Ndawapeza akukwera sitepe ya pakhomo cham'mbali ngati nkhanu. Atandiona ayamba kuimba mluzu.

Lachitatu, 11 Juni

Safunsa anadya phula. Masana pa nthawi yopuma ndasiya makina, ndalowa kwa amayi owerengera malipiro pashopu pathu. Ofesi yawo ndi kachipinda kakuseri kwa nsalu, munthu umalowa cham'mbali. Ndawafotokozera za mzere wa aNduna. Aseka mpaka kuvula magalasi.

Atenga makapu atatu a tiyi n'kuwandandalika patebulo. Akuti malipiro amathiridwa m'makapu motsatana. Kapu yoyamba amsonkho saikhudza n'komwe. Ikadzaza, zotsala zimalowa m'kapu yachiwiri, ndipo m'menemo amatapamo pang'ono. Yachiwiri ikadzaza, zotsala zimalowa m'yachitatu, m'mene amatapamo mokulirapo. Koma kutapa kwakukuluko kumakhudza zokhazo zimene zalowa m'kapu yachitatu. Sabwereranso kwa ziwiri zija. Ndiye munthu akawonjezeredwa malipiro, msonkho umakweradi, koma zotsala m'thumba nazonso zimakwera.

Ndati, nanga mwezi uja anawameta mpala?

Andifunsa kuti, "Amuna anuwo anali atangolowa kumene ntchito?" Ndati eya. "Nanga pepala lochokera kumene ankagwira kale anapereka?" Apo ndangoyang'ana kudenga. Kumene ankagwira kale anachokako atakangana ndi mwini wake, ngakhale ovololo yawo sanabwerere kukatenga.

Akuti ndi pomwepo. Wantchito aliyense ali ndi khodi ya msonkho, timanambala ndi zilembo tolembedwa pasilipi ya malipiro. Khodiyo ndi imene imauza owerengera kukula kwa kapu yoyamba ija. Munthu akabwera wopanda mapepala, amamupatsa khodi yongoyembekezera, ndipo nthawi zina imeneyo imachita ngati kapu yoyamba kulibe, n'kudula kuyambira pansi. Zikakonzedwa, zimene anadula mopitirira zimabwezedwa.

"Kafunseni ngati patapita miyezi ingapo sanalandire malipiro onenepa mosayembekezera."

Sindikufunika kufunsa. Jekete yofiirira imene anagula ndi malipiro onenepawo ili m'wadirobu mpaka lero.

Masana onse ndasoka mpendero wokhota, ndikuseka ndekha. Mnzanga wa makina apafupi amvekere ndamwa chiyani.

Lachinayi, 12 Juni

Ndadikira adye kaye. Kenako ndatulutsa makapu atatu, ndi madzi m'jagi, sukulu n'kuyamba. Ndathira, ndatapa, ndathiranso. ANduna angokhala manja pachifuwa ngati munthu woitanidwa kudzaweruza mpikisano.

Nditamaliza akuti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mayi a malipiro anuwo amawerengera anthu osoka. Za penti n'zina."

Ndati msonkho sununkhiza kuti uyu ndi wa penti uyu ndi wa nsalu.

Akuti iwo sakunena zongomva, anaona ndi maso.

Pamenepo ndafunsa mwaulemu wonse kuti jekete yofiirira ija anagula ndi ndalama ziti. Akuti ndi bonasi, ndikudziwa bwino. Bwana anawapatsa chifukwa cha denga la holo lija, limene anapaka lopanda ngakhale dontho limodzi pansi. Nkhani ya dengali ndaimva paukwati, pamaliro, ngakhale pamzere wa kuchipatala. Ndafunsa ngati bwanayo anawauza ndi pakamwa pake kuti ndi bonasi. Akuti anthu akuluakulu sayankhula zotero, amangochita. Ndafunsa ngati wina pagulupo analandirako. Akuti ayi, chifukwa wina ndani akanapaka denga limene lija?

Ndati, "Bambo, bonasi yanuyo inali msonkho wanu womwe, ukubwerera kwawo."

Anyamuka akuti akukaona ngati chitseko chakumbuyo chatsekedwa. Chitseko chomwe anatseka okha ine ndikuona.

Mwina ndapyola muyeso. Jekete ija amaikonda, ndipo dengalo analipakadi bwino.

Lachisanu, 13 Juni

Abwera mochedwerapo. Pathumba la shati pakuoneka kapepala kopinda, ndipo manja ndi osambasamba mpaka m'zikhadabo. Munthu wa penti sasamba m'manja chotero pokhapokha ngati akukalowa mu ofesi. Sindinafunse. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma amadziwanso tsiku loti akhale chete.

Titadya anena okha, maso ali pa wailesi. Akuti anadutsa kwa kalaliki wa malipiro "pa nkhani ina", ndiye kalalikiyo, poti ndi wolongolola, anatsegula zakale pakompyuta. Khodi ya mwezi woyamba ndi ina, ya mwezi wa jekete ndi inanso. Wawawerengeranso za ukapitawo, kuti akachotsa msonkho ndi penshoni zotsala zikhala bwanji.

Ndati, "Ndiye zikhala bwanji?"

Akuti, "Sizoipa."

Kwa aNduna, "sizoipa" ndiye kugwada kumene. Ndasangalala mpaka ndawawonjezera shuga m'tiyi. Koma nditafunsa ngati Lolemba akavomera, akuti tiona.

Loweruka, 14 Juni

Chimtali wabwera m'mawa kudzabwereka pampu ya njinga. Ndi mnzawo wa pagulu lomwelo, wophunzira wawo woyamba pa za mzere. Munthu wabwino, wofatsa, amaweramira pachitseko chathu nthawi zonse ngakhale mutu sugunda. Akazi ake ali ndi pakati, mwezi wake ndi wamawa, ndipo akukhalabe m'chipinda chimodzi ndi ana awo awiri.

Ndinali kukhitchini, koma khoma lathu ndi lopyapyala. Chimtali akuti bwana anafunanso anthu a lero, nyumba yosanja ya kumsika ija, ndipo iye anatsala pang'ono kukweza dzanja chifukwa cha zofunika kuchipatala. Kenako anakumbukira mawu a Nduna. "Mukanapanda inu, achimwene, bwenzi tikungogwirira amsonkho ngati abulu." Akutinso gulu lonse likunyadira kuti aNduna ukapitawo akuukana, akuti imeneyo ndiye nduna yosagulika.

Amuna anga, amene pa nkhani imeneyi amatha kuyankhula mpaka tiyi kuzizira, angoti, "Mm." Kenako afunsa ngati tayala lake likuphwa pavavu kapena pachigamba.

Atapita Chimtali, akhala pakhonde nthawi yaitali akupukuta pampu yakale imene sigwiranso ntchito. Lero sindinawaseke. Andimvetsa chisoni, onse awiri.

Lamulungu, 15 Juni

Masana ndikusita malaya, abwera kudzakhala pampando wa pafupi, mwendo atautambasula. Akuti aganiza njira ziwiri ndipo akufuna ndiwathandize kusankha, poti masiku ano ndine katswiri wa makapu.

Yoyamba: akane. Dzina likhale, bondo lizionera lokha.

Yachiwiri: avomere, koma anzawo akawauze kuti akudziwa kuti msonkho uwapweteka, angovomera chifukwa adokotala awakakamiza. Akuti pamenepo palibe wotayika.

Ndati njira yachiwiriyo ndi yokongola ngati khoma lonyowa lopakidwa penti pamwamba. Ndawafunsa kuti pakampani pawo wofuna anthu a Loweruka amakhala ndani. Akuti kapitawo, bwana akungogwirizira poti malowo alibe munthu. Ndati ndiye Lachisanu lililonse aziima kutsogolo kwa Chimtali n'kumufunsa ngati akufuna ovataimu, iye azikana mwaulemu potsatira malangizo a Nduna, iwo azilemba kuti wakana?

Akwiya. Akuti ine ndikuona ngati n'zophweka chifukwa si pakamwa panga pamene panatuluka zimenezo. Akuti si mwezi umodzi, ndi zaka. Anyamata aja akana Loweruka lochuluka bwanji chifukwa cha iwo? Wina analephera kumaliza kulipirira mwana sukulu yophunzira zamagetsi. Chimtali njinga yake ndi zigamba zokhazokha. "Ndikanena kuti pepani ndinasokoneza khodi ndi ovataimu, iwo aziti chiyani?"

Ndati sindikudziwa chimene anganene. Mwina atukwana. Koma mwana wa Chimtali akubwera mwezi wamawa, sadikira kuti manyazi a aNduna athe.

Ndanena mokalipa kuposa m'mene ndimafunira, ndipo kolala ya shati yawo yoyera ndaiwotcha pang'ono. Ndawaonetsa. Akuti zilibe kanthu, aivala yomweyo mawa.

Ovololo yopakira penti sanaitchule. Ndaipinda n'kuika m'chikwama chawo ndekha, osadziwa kuti ndikuthandiza njira iti.

Lolemba, 16 Juni

Tsiku lonse makina amangodula ulusi. Amayi a malipiro asuzumira kawiri kufunsa ngati Nduna yatula pansi udindo. Ndinakonzeratu mawu owalandirira nawo madzulo, ena oti akavomera, ena oti akakana, onse olasa bwino.

Alowa shati yoyera ili ndi dontho la penti paphewa. Avomera.

Akuti atatuluka mu ofesi anapeza gulu likudya pansi pa sikafodi, nsanja yokwerapo popaka penti. Sanakhale pansi. Anatenga zitini zitatu zopanda kanthu ndi botolo la madzi, n'kuchita zonse monga ndinachitira ine, ngakhale akuti iwo anafotokoza bwino kuposa ine. Kenako ananena za khodi, za pepala limene sanapereke, ndi za bonasi imene sinali bonasi. Ena anaseka mpaka kutsamwa. Mmodzi anatukwana n'kukadyera kwina. Wina wati kuyambira lero ndi Nduna Yopuma.

Ndafunsa za Chimtali.

Akuti Chimtali sanaseke. Anamaliza kudya, n'kutseka kontena yake bwinobwino. Poweruka ndi pamene anabwera, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Bwana, mundilembe Loweruka likubwerali. Ndi enawo onse."

Amuna anga akuti, "Wanditchula kuti bwana, mayi. Chimtali."

Mawu anga aja onse andithawa. Ndangokhala pafupi nawo. Kenako ndawakumbutsa kuti kapitawo sakakamizidwa kupita Loweruka, apumitse bondo.

Akuti, "Ndipita. Kukwera sindikwera. Ndikamugwirira makwerero."